Kusamutsa Zolemba ndi Mapulogalamu Kuchoka mu Kompyuta Yakale Kupita mu Yatsopano

M'chaka cha 1919 moto udabuka pa nyumba ya Secretariat ku Zomba, pomwe padali likulu la boma la atsamunda, ndipo udatentha zolemba zambiri zomwe bomalo lidakhala likusunga kuyambira mu 1891. Nyumba ndi mipando zimapezeka zina, koma makalata ndi malipoti omwe adapsa sadabwererenso. Mpaka lero ofufuza mbiri ya dziko lino akafika pa zaka zimenezo amapeza mpata, ndipo amadalira makope omwe adatumizidwa ku London kapena zolemba zomwe adasunga a mishoni.

Masiku ano zolemba sizitayika ndi moto wokha. Zambiri zimatayika mwakachetechete, ndipo kawirikawiri zimatayika pa tsiku lachikondwerero, lomwe ofesi, sukulu, mpingo, mzikiti kapena gulu la chitukuko lalandira kompyuta yatsopano. Maso a onse amakhala pa yatsopanoyo, yakale ija n'kukankhidwira pakona, kupatsidwa kwa wina kapena kugulitsidwa. Pakapita miyezi, pamene pafunika lipoti la ndalama za chaka chatha kapena mndandanda wa mabanja omwe adalandira thandizo, m'pamene zimadziwika kuti zonsezo zidatsalira mu yakale. Kusamutsa zolemba kuli ndi ndondomeko yake, ndipo ndondomekoyo si yovuta kuimvetsa ngakhale kwa munthu amene sadaphunzire za makompyuta.

Nkhaniyi ikukhudza anthu a m'mawodi

Zomba ndi malo a zolemba. Likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo Nyumba ya Malamulo idatsatira mu 1994, koma kuno kudatsala nyumba yosunga zolemba zakale ya National Archives of Malawi, yomwe idayamba mu 1947, ofesi ya National Statistical Office yomwe imachititsa kalembera wa anthu, bungwe la mayeso la MANEB, malo osindikizira mabuku a boma komanso sukulu yaukachenjede ya University of Malawi ku Chirunga. Mabungwe akuluakulu otere ali ndi akatswiri awoawo. Koma zolemba zomwe zimakhudza moyo wa tsiku ndi tsiku wa munthu wa ku Chinamwali, Sadzi, Matawale, Chikanda kapena Mpondabwino nthawi zambiri zimakhala mu kompyuta imodzi yokha, yosamalidwa ndi munthu mmodzi. Munthuyo angakhale mlembi wa komiti ya chitukuko, mphunzitsi wamkulu, msungichuma wa banki m'khonde, kalaliki wa mpingo, mwini wa shopu yotaipa ndi kusindikiza makalata pafupi ndi msika, kapena mwini wa malo ogona alendo kuphiri.

M'makompyuta amenewa muli mfundo za misonkhano ya makomiti a VDC ndi ADC, mayina a ana asukulu ndi zotsatira za mayeso awo, kaundula wa ngongole ndi masheya, malisiti a ndalama za chitukuko, ndiponso zithunzi za mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu zosonyeza momwe ntchito idayambira ndi momwe idathera. Zimenezi zikatayika, mayi amene adabweza ngongole yake amasowa umboni, mwana amene akufuna kalata yosonyeza kuti adaphunzira pa sukulu inayake amabwerera chimanjamanja, ndipo komiti imasowa choyankha anthu akafunsa momwe ndalama zidayendera. Lamulo la Access to Information Act, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limapatsa nzika ufulu wofunsa zolemba m'maofesi a boma, koma ufuluwo sungathandize ngati zolembazo zidasowa.

Chifukwa chake ambiri akusintha makompyuta

Kompyuta imakalamba m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi yooneka: imachedwa kuyaka, imatentha, imazima yokha, kapena disiki yake imayamba kulira ngati kachilombo kali m'kati. Njira yachiwiri siioneka. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, yomwe m'maofesi ambiri muno ndi Windows, imakhala ndi nthawi yomwe kampani yoipanga imasiya kuikonza. Kampani ya Microsoft idasiya kukonza Windows XP mu Epulo 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo tsiku lomaliza la Windows 10 lidaikidwa kukhala 14 Okutobala 2025. Tsiku lomwelo ndi lomalizanso kwa Office 2016 ndi Office 2019. Likadutsa tsikulo kompyuta siifa, imayakabe ndi kugwira ntchito, koma mipata yomwe akuba a pa intaneti amaitulukira siitsekedwanso, kupatula kwa okhawo omwe alowa mu ndondomeko yapadera yowonjezera nthawi pang'ono.

Kuopsa kwa zimenezi kudaoneka mu Meyi 2017, pamene vayirasi yotchedwa WannaCry idatseka mafayilo m'makompyuta a m'mayiko ambiri omwe sadalandire zokonza zatsopano, kuphatikizapo a m'zipatala za boma ku Britain, komwe odwala ena adabwezedwa.

Windows 11, yomwe idalowa m'malo mwa Windows 10, siilola kompyuta iliyonse. Imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo osungira osachepera 64 GB, kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndiponso purosesa yomwe si yakale kwambiri. Makompyuta ambiri omwe amagulitsidwa atagwiritsidwapo kale ntchito kunja sakwanitsa zimenezi. Choncho gulu lomwe likugula kompyuta liyenera kufunsa wogulitsa kuti asonyeze, makinawo ali oyaka, ngati akulola Windows 11, lisanapereke ndalama. Kompyuta yomwe siilola koma ikadali yamphamvu ikhoza kuikidwa Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint, zomwe ndi zaulere.

Zinthu zitatu zomwe zili mu kompyuta

Kusintha kompyuta kukufanana ndi kusamuka nyumba. Banja likamachoka ku Sadzi kupita ku Matawale limanyamula mipando, mabedi, ziwiya ndi matumba a chimanga. Silizula mapaipi a madzi kapena mawaya a magetsi, chifukwa zimenezo zimalumikizidwa mwatsopano kunyumba yatsopano. Ndipo likaiwala makiyi a masutikesi, katundu amafika koma osatsegulika.

Mu kompyuta, katundu wonyamulika ndi mafayilo: makalata, malipoti, matebulo a ndalama, zithunzi, nyimbo ndi mavidiyo. Awa amakopedwa mosavuta. Mapaipi ndi mawaya ndi mapulogalamu, monga Word, Excel, pulogalamu yowerengera ndalama kapena yoyendetsa pulinta. Awa sakopedwa, amaikidwa mwatsopano. Makiyi ndi mapasiwedi, manambala a layisensi ndi maakaunti a imelo. Amene wamvetsa kusiyana kwa zitatuzi wapewa kale zolakwika zambiri, chifukwa chilichonse chili ndi kanyamulidwe kake.

Ntchito imayamba ndi kalembera

Asanakhudze chingwe chilichonse, wosamutsa ayenera kutenga kope ndi cholembera. Tsamba loyamba ndi la malo onse omwe muli mafayilo. Ambiri amakumbukira foda ya Documents yokha, pamene mafayilo ofunika amakhalanso pa Desktop, mu Downloads, mu Pictures, ndipo nthawi zina mu gawo lachiwiri la disiki, lomwe limaoneka ngati D. Ngati kompyuta imagwiritsidwa ntchito ndi anthu angapo, aliyense ndi dzina lake lolowera, aliyense ali ndi mafoda akeake, ndipo onsewo ayenera kulembedwa. Pambali pa foda iliyonse palembedwe kuchuluka kwa mafayilo ndi kukula kwake. Manambalawa amaoneka munthu akadina fodayo ndi batani lakumanja la mausi n'kusankha Properties.

Tsamba lachiwiri ndi la mapulogalamu onse omwe amagwiritsidwa ntchito, pamodzi ndi komwe adachokera ndi nambala ya layisensi yake. Tsamba lachitatu ndi la maakaunti ndi mapasiwedi. Tsamba limeneli lisasiyidwe poyera, lisungidwe mu envelopu yomata m'kabati yokhoma.

Nthawi imeneyi ndi yabwinonso yokonza mayina a mafayilo. Fayilo yotchedwa "lipoti latsopano" siiuza munthu kanthu pakapita zaka ziwiri, pamene dzina loyamba ndi chaka, mwezi ndi nkhani yake limapezeka msanga ngakhale ndi mlembi amene wangolowa kumene. Koma kufufuta zomwe zikuoneka zosafunika kudikire mpaka zonse zitakopedwa.

Njira zonyamulira mafayilo

Njira yodalirika kwa ambiri muno ndi ya disiki yakunja kapena fulashi. Mafayilo amakopedwa kuchoka mu kompyuta yakale kupita pa disikiyo, kenaka kuchoka pa disiki kupita mu yatsopano. Ubwino wake ndi woti siifuna intaneti, ndipo ntchito ikatha pamatsala kope lachitatu pa disiki ija. Lamulo lalikulu apa ndi lakuti mafayilo akopedwe, asadulidwe. Copy imasiya fayilo pomwe idali n'kupanga ina, pamene Cut imaichotsa pomwe idali. Magetsi akazima ntchito ili pakati, amene amakopa amangoyambiranso, koma amene amadula amatsala ndi mafayilo omwazikana mbali ziwiri, osadziwa omwe afika bwino.

Pa mafulashi pali zoyenera kusamala zitatu. Choyamba, mafulashi ambiri amabwera atakonzedwa mwa mtundu wa FAT32, womwe sulola fayilo imodzi yoposa 4 GB, choncho vidiyo yaitali ya mwambo wotsegulira mlatho ikhoza kukana kulowa ngakhale malo alipo. Mitundu ya exFAT ndi NTFS ilibe vutoli, koma kusintha mtundu kumafufuta zonse za pa fulashi, ndiye kuchitike isanaikidwe kanthu. Chachiwiri, pamsika pamapezeka mafulashi achinyengo omwe amalembedwa malo ambiri pamene enieni ndi ochepa. Amaoneka ngati alandira zonse, koma mafayilowo satseguka. Chachitatu, fulashi yomwe yayenda m'makompyuta ambiri imanyamula mavayirasi, makamaka aja omwe amabisa mafoda n'kusiya tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona. Fulashi iliyonse iyenera kupimidwa ndi pulogalamu yoteteza ku mavayirasi isanatsegulidwe mu kompyuta yatsopano.

Kamuvi komweko n'kofunika kukadziwa pa chifukwa china. Kachithunzi kokhala ndi kamuvi pa Desktop si fayilo yeniyeni, ndi cholozera chabe cha komwe fayilo ili. Amene wakopa cholozera ali ngati munthu amene wanyamula chikwangwani cha sitolo n'kusiya katundu.

Njira yachiwiri ndi ya pa intaneti, kudzera mu Google Drive, yomwe imapereka 15 GB yaulere, kapena OneDrive, yomwe imapereka 5 GB. Njirayi ndi yabwino pa makalata ndi matebulo, omwe ndi ang'onoang'ono, koma zithunzi ndi mavidiyo amadya bando la intaneti kawiri, pokweza ndi potsitsa. Akaunti yake ikhale ya gulu, osati ya munthu, kuti mlembi akasamuka kapena akasiya udindo zolemba zisapite naye. Njira yachitatu ndi yolumikiza makompyuta awiriwo pa netiweki imodzi, yomwe imathandiza m'maofesi okhala ndi katswiri.

Kompyuta yakale ikafa isanasamutsidwe, chiyembekezo chimakhalapobe. Nthawi zambiri chomwe chafa ndi sikirini, bolodi kapena mbali ya magetsi, disiki ili bwinobwino. Katswiri akhoza kuichotsa, kuiika mu kabokosi kolumikiza ndi USB, ndi kuiwerenga pa kompyuta ina. Koma disiki yomwe ikugogoda kapena kulira isapitirire kuyatsidwa, chifukwa kuyatsa kulikonse kumawonjezera kuwonongeka.

Mapulogalamu amaikidwa mwatsopano

Anthu ambiri amakopa foda ya Program Files poganiza kuti anyamula mapulogalamu, koma akafika nayo mu kompyuta yatsopano palibe chimatseguka. Chifukwa chake n'chakuti pulogalamu ikamaikidwa imamwaza zidutswa zake m'malo osiyanasiyana, ndipo imalembetsa dzina lake mu kaundula wa Windows wotchedwa Registry. Foda yokhayo ili ngati mpopi wozulidwa popanda mapaipi ake. Pulogalamu iliyonse iyenera kuikidwa mwatsopano kuchokera pa disiki yake kapena pa tsamba la kampani yoipanga.

Apa m'pamene layisensi imalowa. Windows yomwe idabwera ndi kompyuta kuchokera kufakitale imakhala ya kompyutayo basi ndipo siisamuka. Layisensi yomwe idagulidwa payokha nthawi zambiri imaloledwa kusamuka ikachotsedwa mu yakale. Microsoft 365 imalipiridwa pamwezi kapena pachaka ndipo imatsatira akaunti, choncho munthu amangolowa ndi imelo ndi pasiwedi yake. Mapulogalamu obedwa, omwe ena amaika motchipa, ndi osaloledwa pa malamulo oteteza eni luso, ndipo ndi khomo lalikulu lomwe mavayirasi amalowera. Gulu lomwe lilibe ndalama ya layisensi likhoza kugwiritsa ntchito LibreOffice, yomwe ndi yaulere mololedwa ndipo imatsegula mafayilo a Word ndi Excel.

Mapulogalamu owerengera ndalama, monga QuickBooks kapena Sage, ndi osunga kaundula wa ana asukulu kapena wa odwala amafuna chisamaliro chapadera. Zolemba zawo zimakhala mu fayilo yawoyawo, yomwe nthawi zina siili mu Documents. Njira yoyenera ndi kutsegula pulogalamuyo mu kompyuta yakale, kusankha Backup kapena Export, kenaka mu yatsopano kusankha Restore kapena Import. Makompyuta a boma okhala ndi mapulogalamu oyendetsera ndalama monga IFMIS ndi ntchito ya akatswiri a ICT opatsidwa udindowo, osati ya munthu wongoitanidwa kuchokera kunja.

Pulinta ndi sikana nazo zimafuna timapulogalamu tozilumikiza ndi kompyuta, totchedwa madiraiva. Pulinta yakale kwambiri ikhoza kukhala yopanda diraiva wa Windows 11, ndipo n'kwabwino kudziwiratu zimenezi nyengo yosindikiza mayeso isanafike.

Fayilo ikhoza kusungika koma osawerengeka

Mu 1986 wailesi ya BBC ku Britain idasonkhanitsa zithunzi, mamapu ndi nkhani za dzikolo pa madisiki apadera pokumbukira zaka 900 za Domesday Book, kaundula wa malo ndi chuma yemwe adalembedwa mu 1086. Patangopita zaka pafupifupi 15, makina owerengera madisikiwo adali atasowa, ndipo padafunika akatswiri kuti apulumutse zomwe zidalimo, pamene buku la mu 1086 lija likuwerengekabe. Zoterezi zimachitika ngakhale m'maofesi ang'onoang'ono. Madisiki aja a 1.44 MB alibenso polowa pa makompyuta a lero, ndipo malaputopu ambiri atsopano alibe malo a CD. Choncho zonse zomwe zili pa ma CD ndi madisiki akale zikopedwe kompyuta yakale ikadali yamoyo, popeza mwina ndi yokhayo yomwe ingathe kuziwerenga. Zolemba zofunika kusungidwa zaka zambiri, monga malamulo a gulu, mapangano ndi malipoti a chaka, zisungidwenso ngati PDF, ndipo zofunika koposa zisindikizidwe pa pepala n'kusainidwa.

Zomwe zimaiwalika kawirikawiri

Imelo ya Gmail kapena Yahoo imakhala pa intaneti ndipo imangofuna pasiwedi, koma pulogalamu ya Outlook nthawi zina imasunga makalata mu kompyuta momwemo, mu fayilo yothera ndi .pst, yomwe iyenera kukopedwa payokha. Mapasiwedi ambiri eni ake adawaiwala kalekale chifukwa Chrome kapena Firefox imawakumbukira yokha. Asanasiye kompyuta yakale, munthu ayenera kutsimikiza kuti akudziwa pasiwedi ya akaunti iliyonse, ndiponso kuti nambala ya foni yomwe akauntiyo imatumizako uthenga wotsimikizira ikugwirabe ntchito.

Makompyuta ambiri atsopano amakhoma disiki yawo ndi BitLocker kuti wakuba asawerenge zomwe zilimo. Chitetezochi n'chabwino, koma chili ndi kiyi wa manambala 48 yemwe amafunika kompyuta ikavuta. Kiyiyu akasowa, ngakhale katswiri sangatsegule disikiyo. Ayenera kusindikizidwa tsiku loyamba lomwelo n'kuikidwa mu envelopu ija.

Kutsimikiza kuti zonse zafika

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kukopa kukatha, wosamutsa abwerere ku kope lake lija. Ngati foda ya malipoti idali ndi mafayilo 1,240 mu kompyuta yakale, iyenera kusonyeza 1,240 mu yatsopano, ndipo kukula kwake kufanane. Manambala akasiyana, ndiye kuti china chatsalira. Kenaka mafayilo angapo a mtundu uliwonse atsegulidwe, akale ndi atsopano omwe, kuti aoneke ngati akuwerengeka. Mu pulogalamu ya ndalama, chiwerengero chomaliza cha mwezi watha chifanane ndendende ndi cha mu yakale.

Pamsasa saipitsa. Kompyuta yakale isungidwe momwe iliri kwa mwezi umodzi kapena itatu, mpaka malipoti a pamwezi ndi a pa miyezi itatu atatuluka bwino mu yatsopano, chifukwa chomwe chidaiwalika chimadziwika pokhapokha chikafunika.

Nyengo ya Zomba ndi magetsi

Phiri la Zomba limapitirira mamita 2,000 kutalika, ndipo kumtunda, cha ku Ku Chawe ndi ku damu la Mulunguzi, chifunga ndi chinyontho ndi za masiku ambiri. Chinyontho chimabweretsa dzimbiri pa timano ta USB ndi nkhungu pa ma CD. Madisiki osungira makope aikidwe mu chotengera chotseka bwino, pamalo okwera, kutali ndi khoma lonyowa. Kompyuta yomwe yachoka pamalo ozizira kulowa m'chipinda chofunda ipatsidwe kanthawi isanayatsidwe. M'nyengo ya mvula mphenzi imatha kuwotcha makina kudzera m'mawaya a magetsi, choncho kusamutsa kusachitike kukugunda mabingu.

Magetsi nawo amatha kuzima ntchito ili pakati, monga anthu adaonera kwa miyezi yambiri namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Laputopu ikhale yodzaza moto isanayambe kukopa, kompyuta ya patebulo ikhale ndi UPS ngati ilipo, ndipo mafoda akopedwe imodzi imodzi, kuyambira yofunika koposa.

Namondwe wa Freddy, yemwe adakantha maboma a kummwera kuphatikizapo Zomba mu Malichi 2023, adasonyeza kuti madzi akalowa m'nyumba satenga chinthu chimodzi. Kompyuta ndi fulashi zikakhala mu kabati imodzi zimapitira limodzi. Akatswiri amalangiza makope atatu a zolemba zofunika, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kumalo ena. Kwa gulu la kuphiri, malo enawo angakhale kutauni, ndipo kwa komiti ya ku Chikanda angakhale kunyumba kwa wapampando kapena pa intaneti.

Tsogolo la kompyuta yakale

Kufufuta fayilo, ngakhale kukhuthula Recycle Bin, sikuchotsa zolembazo pa disiki. Kumangochotsa dzina lake pa mndandanda, ndipo munthu wodziwa akhoza kuzibweza. Kompyuta yomwe idasunga manambala a ziphaso za unzika, mayina a olandira mtukula pakhomo, ngongole za anthu kapena matenda awo siyenera kuchoka m'manja mwa gulu isanapukutidwe kotheratu. Mu Windows 10 ndi 11 muli njira ya Reset this PC, momwe munthu amasankha kuchotsa zonse ndi kuyeretsa disiki. Pomwe zolemba zidali zachinsinsi kwambiri, disiki ichotsedwe n'kusungidwa kapena kuphwanyidwa. Lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, limaika udindo pa aliyense wosunga zinthu zokhudza anthu ena kuti aziteteze. Pa chifukwa chomwechi, katswiri woitanidwa kudzathandiza agwire ntchito pamaso pa eni ake ndipo asachoke ndi kope lililonse.

Kompyuta ya boma kapena ya khonsolo ndi katundu wa anthu onse. Ili mu kaundula wa katundu, ndipo kuitaya, kuigulitsa kapena kuipereka kumatsata malamulo oyendetsera katundu wa boma. Yomwe yafa kotheratu isatenthedwe kapena kuponyedwa m'ngalande, chifukwa zipangizo zake zili ndi mtovu ndi poizoni wina. Madzi a m'tauni ya Zomba amatsikira mu Likangala, ndipo Likangala amathira m'nyanja ya Chilwa, komwe kumachokera nsomba zomwe zimagulitsidwa mumsika wa Zomba.

Udindo wa makomiti ndi anthu

Ntchito yonseyi isasiyidwe kwa munthu mmodzi. Komiti iliyonse yomwe yalandira kompyuta yatsopano ikhoza kusankha anthu awiri oyang'anira kusamutsa, ndipo mu mfundo za msonkhano mulembedwe tsiku lomwe ntchito idachitika, kuchuluka kwa mafayilo omwe adakopedwa, komwe kope lina likusungidwa, amene ali ndi envelopu ya mapasiwedi, ndi komwe kompyuta yakale yapita. Popempha thandizo la kompyuta kwa mabungwe kapena kudzera mu ndalama za chitukuko, mu bajeti muikidwenso mtengo wa disiki yakunja, layisensi ndi malipiro a katswiri, chifukwa makina okha sakwanira.

Nawo anthu a m'mawodi ali ndi ufulu wofunsa pa msonkhano wa mudzi, wa sukulu kapena wa gulu lawo mafunso awiri: zolemba za mu kompyuta yakale zili kuti, ndipo kope lachiwiri akusunga ndani. Pa moto wa mu 1919, zomwe zidapulumuka ndi zomwe zidali ndi makope kumalo ena. Komiti yomwe ingathe kuloza komwe kope lake lachiwiri lili ikhoza kulandira kompyuta yatsopano popanda nkhawa.